Mapu a m'Foni pa Malire a Kachebere: Qibla, Mtunda wa Ulendo ndi Nthawi ya Swala

Kutamandidwa konse n'kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wake Muhammad, akubanja kwake ndi Maswahaba ake onse.

Chaka chatha, kutatsala masabata atatu kuti mwezi wa Ramadhan uoneke, ndinaitanidwa kukacheza ndi aphunzitsi a madrasa a m'midzi yoyandikana ndi Kachebere, m'boma la Mchinji. Ndinapita nditakonzekera kukamba za malamulo a kusala, koma mabuku anga sanatsegulidwe mpaka Asr. Nthawi yonse inathera pa mafunso atatu, ndipo onse anali ndi foni mkati mwake. Jamaa ina inali itawotcha njerwa ndi kugula simenti kuti imange kamzikiti, koma maziko anali asanakumbidwe chifukwa mafoni atatu ankaloza Qibla zitatu zosiyana. Mnyamata wina wochita geni ku Chipata ankafupikitsa Swala nthawi iliyonse akawoloka chipata cha Mwami, ponena kuti watuluka m'dziko. Ndipo panali kusamvana ngati anthu azimasula swaumu potsatira pepala la nthawi losindikizidwa ku Blantyre kapena potsatira adhana ya m'foni.

Mafunso atatuwa tsinde lake ndi limodzi. Qibla, mtunda wa ulendo ndi nthawi ya Swala zonse zimadalira kudziwa malo amene munthu waima. Kale yankho linkachokera kwa akuluakulu a pamudzi, kwa amalonda oyenda maulendo, ndi kwa odziwa dzuwa ndi nyenyezi. Lero likuchokera m'thumba la malaya. Ine sindili m'gulu la amene amati foni ndi fitina basi, komanso sindigwirizana ndi ophunzira athu amene amaitenga ngati siingalakwe. Mu fiqh, nkhani yobwera ndi wina timaitcha khabar, ndipo Qadhi wanzeru asanailandire amafunsa mboniyo kuti: wazidziwa bwanji, unaona ndi maso kapena unangomva? Mapu a m'foni nawo afunsidwe chomwecho. Pali zina zimene amadziwa kuposa munthu aliyense, zina amangoyerekeza, ndipo zina sadziwa n'komwe kuti Shariya ikuzifuna.

Malire osaoneka ndi maso

Kachebere ndi malo abwino ophunzirirapo nkhaniyi. Amadziwika ndi mishoni ya Akatolika imene ansembe a White Fathers anatsegula mu 1903, komanso seminale yaikulu imene inayamba mu 1939. Malire a Malawi ndi Zambia pamenepa si mtsinje kapena nyanja. Angerezi, polekanitsa Nyasaland ndi North-Eastern Rhodesia, anatsatira msana wa mtunda umene umagawa madzi: mvula yogwa mbali ino imatsikira ku Bua n'kukathera m'nyanja ya Malawi, yogwa mbali inayo imalowera ku Luangwa. Mzere wotere umaoneka bwino pa pepala, koma mlimi ali m'munda sauona. Mbali zonse ziwiri kuli Achewa ndi Angoni, chilankhulo n'chimodzi, ndipo anthu amawoloka kukakhala nawo pa maliro ndi pa ukwati monga ankachitira Mchinji isanatchedwe Fort Manning ndi Chipata isanatchedwe Fort Jameson.

Amene anafikako ndi foni akudziwa zimene imachita kumeneko. Imatha kugwira netiweki ya ku Zambia munthu ali m'dimba lake ku Malawi, ndipo kadontho ka buluu kosonyeza pamene muli nthawi zina kamadumphira tsidya lina la mzere. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kudziwa kuti chimene timangochitcha kuti mapu a m'foni ndi zinthu zitatu zogwira ntchito pamodzi, ndipo kudalirika kwake n'kosiyana.

Choyamba ndi kupeza malo. Kumwamba, pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, kukuzungulira masetilaiti a GPS a dziko la America, amene anakwanira kugwira ntchito mokwana mu 1995. Setilaiti iliyonse ili ndi wotchi yolondola kwambiri ndipo imangolengeza mosalekeza kuti ili pati ndipo nthawi ili bwanji. Uthengawo umayenda pa liwiro la kuwala, makilomita 300,000 pa sekondi. Foni imaona kuti uthenga wachedwa bwanji kufika, n'kuwerengera kutalika kwa setilaitiyo. Ikamva masetilaiti anayi kapena kuposerapo, imapeza manambala awiri, latitude ndi longitude, amene mabuku athu a falak amawatcha ardhul balad ndi tuulul balad. Mafoni ambiri lero amamvanso masetilaiti a Russia, a mayiko a ku Ulaya ndi a China. Mpaka mu Meyi 2000 boma la America linkasokoneza dala uthengawu kuti anthu wamba asapeze malo molondola. Litasiya, foni ya pabwalo poyera inayamba kulakwitsa ndi mamita ochepa chabe. Ambiri sadziwa kuti ntchito imeneyi siifuna bandulo kapena netiweki, chifukwa foni imangomvera osatumiza kanthu. Koma ikakhala m'nyumba ya malata, kapena isanagwire masetilaiti, imayerekeza malo potengera nsanja ya netiweki imene yagwira. Apa ndi pamene kadontho kamapita ku Zambia. Onetsetsani bwalo lotumbuluka limene limazungulira kadonthoko: likakula, ndiye kuti foni ikuvomera yokha kuti ikukayika. Mboni ikanena yokha kuti ikukayika, sitimanga chigamulo pa mawu ake.

Chachiwiri ndi mapu enieniwo, ndipo awa ndi ntchito ya anthu. Google Maps inayamba mu 2005 ndipo ndi ya kampani. OpenStreetMap inayambitsidwa ndi Steve Coast ku Britain mu 2004, ndipo aliyense angathe kujambulamo msewu wa kwawo. Mapulogalamu monga OsmAnd ndi Organic Maps amatenga mapu awo kumeneko, ndipo mukawatsitsa kamodzi amagwira ntchito popanda intaneti. Mkati mwa kompyuta msewu umasungidwa ngati mndandanda wa timadontho tolumikizana, ndipo chidutswa chilichonse chimalembedwa kutalika kwake, mtundu wake ndi liwiro loyembekezeka. Msewu wa M12 wochokera ku Lilongwe kudzera ku Namitete ndi Kamwendo mpaka kumalire unajambulidwa bwino, chifukwa oyendamo ndi ambiri. Njira za fumbi zimene akabaza amadutsa, milatho yokokoloka ndi mayina a midzi ing'onoing'ono n'zimene zimasowa kapena kulakwika, poti palibe anakhala pansi kuzilemba. Mzere wa malire wa pa foni nawo ndi chojambula chabe. Umboni wa boma ndi zipilala zimene oyeza malo a mayiko awiriwa anaika pansi. Ndiwonjezere kwa aphunzitsi amene ali ndi mapu akale a pepala a nthambi yoyeza malo: mapu amenewo anawerengedwa pa muyeso wotchedwa Arc 1950, pamene foni imagwiritsa WGS 84. Manambala omwewo pa miyeso iwiriyi amaloza malo osiyana ndi mamita pafupifupi 200 kapena kuposerapo. Pa Qibla zimenezi si kanthu, koma pa malire a malo a waqf ndi mlandu.

Chachitatu ndi masamu amene pulogalamu imachita pa manambalawo. Posankha njira, imayerekeza zidutswa za misewu mpaka itapeza yaifupi kapena yachangu, motsatira ndondomeko imene maziko ake anasindikizidwa ndi Edsger Dijkstra wa ku Netherlands mu 1959. Ndondomeko yotere Azungu amaitcha algorithm, mawu ochokera ku dzina la Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi, amene ankagwira ntchito ku Baghdad m'nthawi ya Khalifa al-Ma'mun. Munthu yemweyu, cha m'ma 833, analemba Kitab Surat al-Ardh, mmene anaikamo latitude ndi longitude ya malo oposa 2,000. Mu 1025 Abu Rayhan al-Biruni anamaliza buku lathunthu la kayezedwe ka malo a mizinda, ndipo chimodzi mwa zolinga zake chinali kupeza Qibla ya mzinda wa Ghazna. Sindikunena izi kuti tizidzitama ndi makolo pamene ife tikulephera kuwerenga kampasi. Ndikunena kuti ophunzira adziwe kuti kusandutsa malo kukhala manambala, n'kupeza Qibla ndi masamu, si chinthu chachilendo mu Deen. Ma ulama anachilandira zaka 1,000 zapitazo, ndipo anachiikira malire ake.

Qibla: nambala ndi yoona, muvi ndi umene umanama

Lamulo loyang'ana ku Msikiti Wopatulika pa Swala lili mu Surat al-Baqarah, ndime 144. Ka'ba ili pa madigiri 21.42 kumpoto ndi 39.83 kum'mawa. Dera la Kachebere lili cha pa madigiri 13.8 kummwera ndi 32.8 kum'mawa. Tikachita masamu a pa mpira, pakuti dziko si lafulati, tipeza kuti Makka ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 4,000, ndipo Qibla ndi madigiri 11 kuchoka kumpoto kwenikweni kupendekera kum'mawa. Ku Lilongwe ndi pafupifupi madigiri 10, ku Blantyre pafupifupi 7. Choncho agogo athu amene ankati Qibla ndi kumpoto sanaphonye patali, ndipo Aswahili a m'mbali mwa nyanja ya mchere, kumene Chisilamu chathu chinadzera, ankagwiritsa mawu akuti kibla potanthauza kumpoto.

Nambala imeneyi foni siilakwitsa. Ngakhale kadontho katasochera ndi makilomita 5 kulowa m'Zambia, Qibla siisintha ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a digiri. Nanga mafoni atatu aja anasiyana bwanji? Anasiyana pa muvi. Kuti foni ikulozeni madigiri 11, iyenera kudziwa kumpoto, ndipo izi siitenga ku masetilaiti koma ku kachipangizo ka maginito kamene kali mkati mwake. Kachipangizoka kamakokedwa ndi chitsulo chilichonse chapafupi. Tsiku limenelo mmodzi anaima pafupi ndi mulu wa malata, wina anatsamira njinga yamoto, wachitatu anali ndi chikwama cha foni chotsekera ndi maginito. Titapita pabwalo, kutali ndi zitsulo, n'kuchotsa chikwamacho, mivi inayandikana, ngakhale sinafanane ndendende.

Pali chinanso. Kumpoto kwa maginito si kumpoto kwenikweni. Kuno kusiyanako ndi madigiri ochepa, koma abale athu amene ali ku Johannesburg ayenera kusamala, chifukwa kumeneko kusiyanako kuli pafupifupi madigiri 20. Qibla ya kumeneko ndi madigiri pafupifupi 15 kuchokera kumpoto kwenikweni. Woyeza madigiri 15 pa kampasi wamba osakonza kusiyanaku waphonya ndi madigiri 20 athunthu. Mapulogalamu abwino amakonza okha, ena sakonza. Ndipo musayese kupeza Qibla poika rula pa mapu afulati. Mapu a m'foni amatambasula dziko mwa njira ya Mercator ya mu 1569, imene imapotoza njira yachidule ya pa mpira. Kwa ife rula ndi masamu zimangotsala pang'ono kugwirizana, poti Makka ili chakumpoto kwathu. Koma ku New York, rula imaloza kummwera chakum'mawa pamene Qibla yoona ili kumpoto chakum'mawa, ndipo nkhaniyi inakanganitsapo Asilamu a ku America.

Tsopano funso la fiqh: kodi kulondola kofunika n'kotani? Ma Imam Abu Hanifa, Malik ndi Ahmad amaona kuti amene ali kutali akwaniritsa lamulo poyang'ana mbali imene kuli Ka'ba, jihatul Ka'ba. Umboni wawo wina ndi Hadith ya mwa at-Tirmidhi imene inapatsa anthu a ku Madina mpata wonse wa pakati pa kotulukira ndi kolowera dzuwa. Madina ili kumpoto kwa Makka ndipo ife tili kummwera kwake, choncho kufotokoza kumeneko kumatikwana bwino. Mu madh-hab a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife timatsatira, mawu amphamvu ndi akuti munthu alinge Ka'ba yeniyeniyo, ainul Ka'ba, koma kwa wakutali chofunika ndi kuganiza kwamphamvu kochokera mu ijtihad, osati kutsimikiza. Masamu akutionetsa nzeru ya zimenezi: kuchokera ku Kachebere, kupotoka ndi digiri imodzi yokha kumaphonya Ka'ba ndi makilomita pafupifupi 65. Palibe khosi la munthu limene lingasunge digiri imodzi kuyambira Takbira mpaka Salaam.

Ma Shafi'i anaikanso ndondomeko: wokhoza kudziwa yekha adziwe yekha; akalephera alandire khabar ya munthu wodalirika wonena zimene akuzidziwa; akalephera achite ijtihad ndi zizindikiro; wosatha ijtihad atsatire wodziwa. Mmene ine ndikuonera, nambala ya madigiri 11 ndi chidziwitso chokhazikika, koma muvi wa foni ndi chizindikiro chimodzi mwa zizindikiro za ijtihad, chimene chiyenera kuyesedwa ndi dzuwa. Kwa wapaulendo amene ali m'chipinda cha alendo usiku, muviwo ukukwanira ndipo Swala yake ndi yolondola, in shaa Allah. Kwa omanga mzikiti umene udzaime zaka 50, sukwanira.

Apa ndichenjeze achinyamata athu. Ndaonapo wophunzira akulowa mu mzikiti umene unamangidwa bambo ake asanabadwe, n'kuika foni pa mkeka, n'kulengeza kuti Swala zonse za m'menemo zinali zowonongeka. Uku n'kusadziwa kuwiri: sadziwa kuti mu mzikitimo muli zitsulo za m'zipilala ndi mawaya a zokuzira mawu zimene zikukoka muvi wake, komanso sadziwa kuti ma ulama anati mihrab imene mibadwo ya Asilamu yaswalirapo popanda wotsutsa siyambidwanso ijtihad pa mbali yake, kupatula kupendeketsa pang'ono kumanja kapena kumanzere. Ndipo ijtihad yatsopano siigwetsa Swala zimene zinaswalidwa ndi ijtihad yakale. Ngati kupotoka kwatsimikizika ndi njira yodalirika, nkhaniyo ipite kwa Imam ndi komiti mwaulemu, mizere ya pansi ikonzedwe, khoma lisagwetsedwe.

Ulendo: malire a boma si malire a Shariya

Kwa mnyamata wa geni uja yankho linali lalifupi, ngakhale silinamusangalatse. Chilolezo chofupikitsa Swala, chimene tsinde lake lili mu Surat an-Nisa ndime 101, chimamangidwa pa ulendo, ndipo mabuku a fiqh sadziwa pasipoti kapena chidindo cha pachipata. Kwa ma Shafi'i, ma Maliki ndi ma Hanbali mtunda wake ndi ma burud 4, amene ndi ma farsakh 16 kapena mamailo 48 a nthawi imeneyo. Imam al-Bukhari anatchula kuti Ibn Umar ndi Ibn Abbas, Allah asangalale nawo, ankafupikitsa ndi kumasula pa mtunda umenewu. Pousandutsa makilomita ma ulama a masiku ano amasiyana, chifukwa amasiyana pa kutalika kwa mkono umene mailo ankayezera: ambiri amati makilomita 81, ena amafika 88 kapena 89. Ma Hanafi anayeza ndi ulendo wa masiku atatu, ndipo ambiri a iwo lero amauika pa makilomita 77 kapena 78. Alipo ena, monga Ibn Taymiyya, amene anati palibe nambala yoikika koma chimene anthu amachitcha ulendo. Ngakhale pa maganizo amenewo, munthu wopita ku Chipata m'mawa n'kudzadya nsima ya masana kwawo n'kovuta kumutcha wapaulendo.

Kuchokera ku Kachebere kupita ku Chipata sipakwana makilomita 40. Munthu watuluka m'dziko koma sanakhale musafir. Kupita ku Lilongwe ndi makilomita oposa 110. Sanatuluke m'dziko koma ndi musafir pa madh-hab onse. Wopitirira Chipata mpaka ku Katete wadutsanso muyeso. Mtunda umawerengedwa wopita wokha, osaphatikiza wobwerera, ndipo liwiro la minibasi silichotsa chilolezo. Ndinamuuza mnyamatayo kuti awerenge Swala za ma rakaa anayi zimene anafupikitsa pa maulendo amenewo ndipo azibweze pang'onopang'ono, pakuti anachita mosadziwa osati mwamwano.

Pa nkhani iyi mapu a m'foni ndi chithandizo chachikulu, kuposa pa Qibla. Makolo athu ankayeza ndi mapazi ndi masiku. Ife tikhoza kuona kutalika kwa msewu tisananyamuke. Koma pali zinthu zimene pulogalamu siidziwa kuti faqih akuzifuna, ndipo zimaoneka pa maulendo okathera pakati, monga kupitirira Namitete osafika mu mzinda wa Lilongwe, kumene makilomita atatu kapena anayi amasintha chigamulo.

Pulogalamu imayamba kuwerenga pamene mwaima, mwina pakhomo panu, n'kukathera pa kadontho kamene wina anaika pakati pa tauni. Fiqh imayamba kuwerenga pothera nyumba za mudzi kapena tauni yanu, ndipo kufupikitsa kumayambanso pomwepo, osati muli m'nyumba chikwama chili pamsana. Wokhala pa boma la Mchinji achotse gawo la msewu limene lili mkati mwa tauni. Zithunzi za setilaiti za pa mapu omwewo zimathandiza kuona pothera nyumba, bola mukumbukire kuti chithunzicho chikhoza kukhala cha zaka zingapo zapitazo, tauni itakula kale.

Pulogalamu imakusankhiraninso njira, kawirikawiri yachangu. Shariya imayang'ana njira imene mudzayendemo. Ma Shafi'i anakamba za malo okhala ndi njira ziwiri, yaitali yokwana muyeso ndi yaifupi yosakwana: wotenga yaitali pa chifukwa chomveka, monga chitetezo, kusalala kwa msewu kapena kukaona m'bale, afupikitse, woitenga n'cholinga chongofuna kufupikitsa, asafupikitse. M'dzinja, pamene njira yachidule yafumbi yadzaza matope ndipo aliyense akuzungulira pa tala, funso limeneli limakhala lenileni. Musagwiritsenso ntchito chida choyezera mzere wowongoka pakati pa malo awiri. Munthu sauluka ngati khwangwala. Ndipo ngati mapulogalamu awiri akupatsani 79 ndi 83, mwagwa m'chikayiko. Chiyambi cha Swala ndi kukwaniritsa, choncho kwaniritsani. Za masiku okhala kumene mwapita, anayi athunthu kwa ma Shafi'i kupatula lofika ndi lonyamuka, 15 kwa ma Hanafi, zimenezo zili mu niya yanu ndipo palibe setilaiti imene ingazione.

Mphindi za pakati pa Blantyre ndi Mchinji

Funso lachitatu ndi limene linali ndi ngozi yaikulu, pakuti linkakhudza swaumu ya mudzi wonse. Dziko limatembenuka digiri imodzi pa mphindi 4 zilizonse. Blantyre ili pa madigiri 35 kum'mawa, Kachebere pa 32.8. Kusiyanako ndi mphindi pafupifupi 9: dzuwa likafika pamutu ku Blantyre, ku Kachebere likadali m'njira. Polowa dzuwa, latitude imalowererapo, moti kusiyana kumakhala mphindi 5 mu Disembala n'kufika 12 mu Juni. Womasula ku Kachebere pa nthawi ya Blantyre wamasula dzuwa lisanalowe, ndipo madh-hab onse anayi amati wotere abweze tsikulo. Ngakhale nthawi ya Lilongwe imatsogola ndi mphindi 4. Wotchi ya Malawi ndi ya Zambia ndi imodzi, choncho malire sasokoneza kanthu. Pa nthawi ya Swala, Kachebere ndi mnansi wa Chipata kuposa wa Limbe.

Apa foni ikuposa pepala, chifukwa imawerengera malo enieni. Koma iyenera kutcheredwa. Onani kuti malo amene yalemba ndi anu, osati mzinda umene munali mwezi watha. Onani Asr: kwa ma Shafi'i imalowa chithunzithunzi chikafanana ndi chinthu chake, kuwonjezera pa chithunzithunzi cha masana, kwa Imam Abu Hanifa chikafika kawiri. Onaninso Fajr, pakuti pulogalamu siiona m'bandakucha. Imangowerengera kuti dzuwa lili madigiri angati pansi pa mlengalenga. Muslim World League imagwiritsa 18, njira ya ku Egypt 19.5, ya ku North America 15. Pakati pa 15 ndi 18 pali mphindi zoposa 12 kuno kwathu, zokwanira kuti munthu adye daku Fajr italowa. Mzikiti usankhe njira imodzi, aphunzitsi atuluke masiku angapo opanda mitambo kukayerekeza ndi maso, kenako onse atsatire muadhini. Kumalo a mapiri, kubisika kwa dzuwa kuseri kwa phiri si kulowa kwake. Dikirani mdima uyambe kukwera kuchokera kum'mawa.

Mawu amodzi pa mtengo wa zinthu zaulerezi. Pulogalamu imene mwailola kudziwa malo anu ikhoza kusunga mbiri ya kumene mumagona, kumene mumaswali ndi nthawi zimene mumawoloka malire. Mu Novembala 2020 atolankhani a Motherboard analemba kuti mbiri ya malo ya ogwiritsa Muslim Pro inkapita ku kampani ya X-Mode, imene inkagulitsa mbiri zotere kwa makampani ogwira ntchito ndi asilikali a America. Eni pulogalamuyo anakana kuti anagulitsa kwa asilikali, ndipo anathetsa mgwirizano ndi kampaniyo. Nthawi za Swala sizifuna kuti foni izikutsatirani usana ndi usiku. Lembani malo anu pamanja kamodzi, n'kutseka chilolezocho.

Chingwe, mtengo ndi dzuwa

Maziko aja tinawayeza mawa lake popanda muvi wa foni. Tinasalaza pansi, n'kuzika mtengo wowongoka, titauyesa ndi chingwe chomangirira mwala kuti usapendekeke. Tinajambula bwalo mozungulira mtengowo. M'mawa, nsonga ya chithunzithunzi itakhudza bwalo polowa mkati, tinakhomapo chikhomo. Masana itakhudzanso potuluka, tinakhoma china. Chingwe cholumikiza zikhomo ziwirizi chimagona kum'mawa ndi kumadzulo, ndipo chopingasa pa icho ndi kumpoto kwenikweni. Akatswiri athu a falak ankaitcha njirayi ad-da'iratul hindiyya, bwalo la Amwenye. Ngodya yake amisiri anaipeza ndi muyeso wawo wa 3, 4 ndi 5 umene amayalira nawo nyumba iliyonse.

Kenako tinatenga ku foni chinthu chimodzi chimene imadziwa bwino, madigiri 11. Pa chingwe, madigiri 11 ndi osavuta: yendani mamita 5 kumpoto, kenako mita 1 kum'mawa, khomani chikhomo. Mzere wochokera poyambira kufika pa chikhomocho ndiwo Qibla ya Kachebere ndi midzi yozungulira, ndipo khoma la mihrab limapingasa pa mzerewo. A ku Lilongwe ayende mamita 6 pa mita imodzi, a ku Blantyre pafupifupi mamita 8.

Amene akufuna kuyesa mihrab imene ilipo kale ali ndi masiku awiri pa chaka pamene dzuwa limaima pamwamba penipeni pa Ka'ba: pa 27 kapena 28 Meyi nthawi ya 11:18 m'mawa, ndi pa 15 kapena 16 Julayi nthawi ya 11:27 m'mawa, pa wotchi ya Malawi ndi Zambia. Pa mphindi imeneyo, woyang'ana kumene kuli dzuwa wayang'ana ku Qibla, ndipo chithunzithunzi cha chingwe cholendewera mwala chimagona pa mzere wa Qibla, chikuloza kumbuyo kwa woswali. Tsiku limodzi kapena awiri kutsogolo kapena kumbuyo sasintha zambiri ngati kwachita mitambo. Aphunzitsi atulutse ana a madrasa pabwalo tsiku limenelo ndi chingwe, mwala ndi choko, ndipo wotchi aitengere pa foni.

Wallahu a'lam.